Mphete ya ku Galway

Swords, Dublin
Lachiwiri, 10 Juni 2025

Okondedwa achimwene a Ignasio,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Bembeke. Kalatayi ndapatsira mayi Clementina, amene akubwera kumudzi Lachisanu. Pafoni sindikanatha, mukudziwa kuti ndikapsa mtima mawu amandithawa. Muwerenge muli nokha.

Loweruka pa 7 Juni tinapita kokayenda ku Galway, mzinda wakale wa kumadzulo, m'mbali mwa nyanja. Tinalipo anayi: ine, alamu anu a Benedict, mwana wanga Mwaiwawo, ndi a Felista, mlongo wa a Benedict wa ku Ballymun uja. Ulendowu anauyambitsa ndi a Felista, galimoto anayendetsanso okha. Ine ndinachita kusinthana shifiti ndi mnzanga kunyumba ya okalamba, poganiza kuti anthu andikonda.

Malowo ngokongola, sindinama. Timisewu tothina ta miyala, nyumba zopaka mitundumitundu, oimba pangodya iliyonse, alendo ali pikitipikiti ndi makamera. Tisanayende patali a Felista anakuwa.

“Ee! Si Jared uyo? Iwe, wadzatani kuno?”

Jared ndi mnyamata wa makolo a ku Ntcheu, amanyamula zikwama ku eyapoti. Chaka chatha anabwerapo kwathu kamodzi pa nkhani yofuna Mwai. Ndinangomuuza mwaulemu kuti Mwai amalize kaye sukulu ya unamwino, komanso kuti za banja zimayambira kwa amalume. Ndinamuuzira pakhomo, poti kunkagwa mvula sindinafune kumuchedwetsa. Lero akuti ndine wovuta.

Pomuona ali yekha kutali chonchi ndinamumvera chisoni. Ndinagula nsomba ndi tchipisi, tinakhala pabenchi, iye pambali panga penipeni, n'kumatapa pepala limodzi. Mpaka ndinati, “Idya mwana wanga, waonda.” Zimenezi muzisunge, achimwene.

Kenako a Felista anatilowetsa m'kasitolo ka mphete. Mphete za kumeneko zili ndi manja awiri ogwira mtima, pamwamba chisoti chachifumu. Mwai ali nayo yotere kuyambira Malichi, anandiuza kuti anangoikonda. Ndinayesa imodzi. Mayi wogulitsa anaseka, nati ndavala ngati munthu wosaka mwamuna.

“Kani mayi a Mwai zaka zonsezi mukadali pamsika?” anatero a Benedict.

Tonse tinaseka. Mayi uja anayamba kufotokoza. Ikakhala kudzanja lamanja, nsonga ya mtima italoza kunja, ulibe wako. Italoza kwa iwe, uli ndi chibwenzi. Kumanzere, italoza kunja, watomeredwa. Kumanzere, italoza kwa iwe, wakwatiwa. Atatero anagwira dzanja la Mwai.

“Monga uyu. Mafuno abwino mwanawe, ukwati unali liti?”

Ine ndinaseka, ndinati wangolakwitsa kavalidwe. Ndinaseka ndekha. A Felista anayamba kuwerenga mitengo pakhoma, a Benedict anayang'ana kudenga, Jared anavula chipewa.

Tinatuluka mpaka pachipata chakale cha miyala, pafupi ndi mtsinje. Ndinati, “Iwe Mwaiwawo, tandiyang'ana.” Anandiyankha m'Chingerezi monga amachitira, kuti analembetsa ukwati ku ofesi ya boma pa 14 Malichi, ndipo amafuna kundiuza Loweruka lomwelo madzulo, pamalo abwino, nditakhuta. Mboni anali a Felista ndi mnzake wa Jared.

“Alamu, kuno n'ku Ulaya,” anatero a Felista. “Mwanayu ali ndi zaka 24. Akanakupemphani mukanalola inu?”

“A Felista, mimba yake munanyamula ndinu?”

“Musakuwe alamu, azungu akujambula.”

Sindinakuwe, achimwene. Ine kukuwa ndinayamba liti? Ndinatembenukira kwa a Benedict, amene anali kalikiliki kuthamangitsa mbalame. Akuti anamva pa Pasaka, ndipo amadikira kuti mtima wanga ukhale pansi. Mtima wanga unali pansi, aukweza ndi iwo.

Dzulo ndinafunsa kuntchito. Kuno munthu salembetsa ukwati mwadzidzidzi, amadziwitsa boma kutatsala miyezi itatu. Ndiye kuti anayamba mu Disembala. Pa Khirisimasi a Felista anadya nkhuku yanga, anatenganso ina m'kontena, pepala la mwana wanga ali nalo kumtima. Pa 14 Malichi pomwepo Mwai anandiuza kuti ali ndi mayeso, ine ndinamuyatsira kandulo kutchalitchi.

Koma chondiwawa kwambiri ndi benchi ija. Kwathu mkamwini akaona apongozi amapatuka panjira. Ine anandisiya nditakhala naye phewa ndi phewa, zala zathu zikukumana m'tchipisi, anthu atatu akuonerera. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatsokomola. A Felista anajambula ndi chithunzi. Ndawauza kuti chikangofika pagulu la pafoni la amayi a mpingo, pakhomo panga asadzapondenso.

Lamulungu titachoka ku Misa, Jared anabwera. Ulendo uno ndinamulowetsa, koma anakana mpando, anagwada pakapeti pafupi ndi chitseko. Anati makolo ake nawonso amva mochedwa, achita manyazi, ndipo ali okonzeka kutuma ankhoswe. Mwai anagwada naye. Anayankhula Chichewa chake chothyokathyoka chija, chimene sindinachimve pakamwa pake kuyambira ali wamng'ono. Anati, “Amayi, ndinaopa inu.” Ndinapita kukhitchini kukatsuka mbale zotsukatsuka kale.

Nachi chimene ndikupempha. Mwini mbumba ndinu. Anthu a ku Ntcheu adzafika ku Bembeke mwezi wamawa. Musawalandire msanga, adziwe kuti mwanayu ali ndi kwawo. Koma musawabweze. Mnyamatayo samwa, ndipo lendi ya chipinda chake amalipira yekha, ndafufuza. Amayi musawauze za ku ofesi, mtima wawo mukuudziwa. Mungowauza kuti Mwai wapeza munthu.

Mwai akugonabe kuno, ndipo sukulu amaliza mu Okutobala. Ndamuuza kuti za boma n'za boma, koma m'nyumba muno mphete ija atembenuze, mtima uloze kunja, mpaka amalume ake atayankhula. Anaivula, n'kundifunsa kuti aivale dzanja liti. Ndinati kumanzere.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mafuta a mawondo ali m'chikwama cha mayi Clementina. Moni kwa alamu ndi ana onse. A Benedict akupereka moni, ngakhale sitinayambe kuyankhulana bwinobwino. A Felista sanandipatse moni woti ndipereke. Mwai akuti amalume amukhululukire. Jared naye wapereka moni, ndamuuza kuti wake udikire kaye.

Ndine mlongo wanu,
Perpetua