Kabatire ka Kompyuta ya Azakhali

Zolembedwa za msonkhano wadzidzidzi wa komiti ya bungwe la atelala

Tsiku: Lachinayi, 14 Malichi
Malo: Chipinda chodulira nsalu, poti m'chipinda cha mabaji mukununkhabe penti
Nthawi yoyambira: 2 koloko masana

Opezeka: a Wapampando, a Wachiwiri, a Msungichuma, Akulu Odula Nsalu ndi Mlembi.
Oitanidwa: Azakhali, amene amasoka mabaji a mayunifomu pa makina oyendera kompyuta, Mkamwini wa a Wapampando, amene anapatsidwa ntchito yokonza kompyuta ya Azakhali, a Pang'onopang'ono, amene ankatikonzera makompyuta kale.
Osapezeka: Woyang'anira zogula, anapepesa kuti mwana akudwala.

1. Kutsegula msonkhano

A Wapampando anati msonkhanowu waitanidwa chifukwa makina osokera mabaji anaima, ndipo popanda makinawo Azakhali alibe ntchito m'bungwe muno. Anapempha kuti pasakhale kulozana zala. Pempholi linalemekezedwa mpaka pa mfundo yachitatu.

2. Zolembedwa za msonkhano wapita

Mlembi anawerenga chigamulo chimene komiti inapanga mwezi watha. Chinali chakuti, popeza Azakhali akwanitsa zaka makumi awiri m'bungwe, ndipo nthawi imeneyo anali kuchipatala kudwazika mng'ono wawo, tiwakonzere chipinda mwakachetechete kuti pobwera adzadabwe. Tinagwirizana zopaka penti, kuika katani, kutaya zinyalala, komanso kukonza kompyuta yawo, imene nthawi zonse ikayatsidwa inkaonetsa tsiku la chaka chakalekale.

A Msungichuma anapempha kuti mawu oti "onse anavomera" achotsedwe, poti iwo anangogwedeza mutu. Mlembi anawakumbutsa kuti mutuwo unkapita m'mwamba ndi pansi. Zolembedwa zinavomerezedwa mmene zinalili.

3. Lipoti la Mkamwini

Mkamwini anati atatsegula kompyutayo anapeza fumbi lochita kukumba ndi supuni. Anapezanso kuti kabatire kakang'ono kamene kamasunga tsiku ndi nthawi kanatha kalekale. Anaikamo katsopano n'kukonza tsiku. Atayatsa, pulogalamu yojambulira mabaji inalemba kuti nthawi yake inatha, n'kukana kutseguka. Anabweza tsiku m'mbuyo, koma inakanabe.

Anati apa mantha anamugwira, poti Azakhali anali atatsala pang'ono kubwera. Ndiye anafufuta zonse n'kuikamo sisitimu yatsopano, kutanthauza pulogalamu yaikulu imene imayendetsa kompyuta yonse, poganiza kuti zinthu ziyambira pabwino. Sisitimu yatsopanoyo siidziwa makina osokera. Waya ukalumikizidwa, imangokhala duu. Zithunzi za mabaji onse zimene Azakhali anajambula zaka zonsezi zinapita limodzi ndi kufufutako.

Akulu Odula Nsalu anafunsa kuti bwanji sanaitane munthu asanafufute. Mkamwini anati anawaimbira apongozi ake, ndipo anamuuza kuti, "Iwe ndiwe wasukulu, panga zimene ukuona." A Wapampando anati mawuwo akuwakumbukira, koma sankatanthauza zofufuta. A Msungichuma anati ntchito za pachibale mapeto ake ndi omwewa. A Wapampando anawafunsa kuti kodi amene ananyadira kuti mnyamatayo sadzalipiritsa anali ndani. Panali phokoso, ndipo Mlembi sanalembe zonse.

Mkamwini anapempha kupepesa kwa Azakhali pamaso pa komiti. Anagwada. Azakhali anati, "Dzuka mwanawe, thalauza ukulidetsa. Unkafuna kundisangalatsa."

4. Mawu a a Pang'onopang'ono

Kwa amene analowa m'komiti posachedwa: bambowa tinasiyana nawo zaka ziwiri zapitazo chifukwa kantchito ka ola limodzi ankakagwira tsiku lonse, ndipo dzina limeneli tinawapatsa ndife. Lero anabwera titachita kuwapempha kawiri.

Anati kabatire kaja anakasiya kakufa dala. Pulogalamu ya mabaji inali ndi chilolezo cha zaka zowerengeka, ndipo kampani imene inaipanga inatsekedwa chilolezocho chisanathe, moti kunalibenso kokachiwonjezera. Kabatire kakafa, kompyuta imadzuka m'mawa uliwonse ikuyesa kuti tikadali m'chaka chimene inapangidwa, choncho pulogalamuyo sinkadziwa kuti nthawi yake inadutsa. Itangoona tsiku lenileni, inadzitsekera.

A Wachiwiri anafunsa ngati zingatheke kukonza. A Pang'onopang'ono anati zikanathera pa kabatire pokha, akanayesa. Koma anati tisadandaule kwambiri, poti anasunga hadidisiki ina, kachitsulo kosungiramo zinthu za pa kompyuta, yokhala ndi zonse, sisitimu yakale, pulogalamu ndi zithunzi zomwe. Anati ili m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati, yokulungidwa m'sokosi.

Kenako a Wachiwiri anati chitinicho anachitsitsa ndi iwo tsiku lopaka penti. Atatsegula anaona sokosi yakuda ndi chitsulo, n'kuponya m'thumba la zinyalala. Galimoto ya zinyalala inadutsa m'mawa mwake. Anati, "Abale inu, ndani amasunga chinthu chofunika m'sokosi?" A Pang'onopang'ono anati sokosiyo inali yoteteza ku fumbi, ndipo inali yochapa.

A Msungichuma anawafunsa kuti zonsezi bwanji sanatiuze pochoka. Anayankha kuti tsiku lotsanzika anayamba kufotokoza, koma anauzidwa kuti afupikitse. A Wachiwiri anati zimenezo sakuzikumbukira. A Pang'onopang'ono anati nawonso asadziyeretse. Akanatha kumata kapepala pa kompyutapo koti kabatire kasasinthidwe, koma sanatero. Anati, "Ndinachoka ndi mkwiyo. Ndinkati tsiku lina mudzandifuna. Mwandifunadi, koma ndilibe chokupatsani."

5. Mawu a Azakhali

A Wapampando anawapempha kuti alankhule. Azakhali anathokoza chifukwa cha penti ndi katani, ndipo anati chipindacho sichinakongolepo chonchi. Anati za kabatire iwonso sankadziwa. Anawonjezera kuti wodandaula za tsiku lolakwikalo anali iwo omwe, chaka ndi chaka, moti komiti inangomva kulira kwawo.

Anakumbutsa komiti kuti anasamukira ku makina a mabaji chifukwa maso anayamba kuvuta, ndipo panopa sangathe ngakhale kulowetsa ulusi pa singano. Pa sisitimu yakaleyo a Pang'onopang'ono anawakulitsira zilembo zonse, ndipo manja awo anali ataloweza pomwe pali chilichonse. Anati dzulo anakhala kutsogolo kwa yatsopanoyo n'kuona ngati alowa m'khitchini ya eni ake.

Mlembi akufuna kuti zidziwike kuti pa mfundo imeneyi Akulu Odula Nsalu, amene sitinawaonepo akugwetsa msozi ngakhale pamaliro, anatuluka kukamwa madzi. Mlembi nayenso zinamuwawa.

6. Zoyenera kuchita

A Wapampando anafunsa ngati sisitimu yakale ingapezekenso. A Pang'onopang'ono anati sisitimuyo ingapezeke, koma pulogalamu ya mabaji ayi. Anafunsa kale kwa anzawo atamva za nkhaniyi, ndipo ambiri sanaimvepo n'komwe. Analonjeza kufufuzabe, koma anati tisayembekezere.

Za kugula makina atsopano, a Msungichuma anati bungwe silingakwanitse chaka chino kapena chamawa. Anati anaonanso kuti makina amasiku ano zilembo zake n'zazing'ono ngati nyerere.

A Wachiwiri anati mwina Azakhali angapite kositira zovala. Akulu Odula Nsalu, atabwerako, anati kumeneko kuli kale anthu awiri pa simbi imodzi, ndipo munthu wosaona bwino sitingamupatse simbi yamoto. A Msungichuma anawerenga lamulo la bungwe loti membala amagawiridwa phindu ngati ali ndi ntchito yake. A Wapampando anati lamulolo tonse tikulidziwa, panalibe chifukwa choliwerengera mokweza.

7. Zigamulo

Komiti inagwirizana kuti mabaji a masukulu amene tinalonjeza akasokedwe kwina. Chipinda cha mabaji chitsekedwe, makina afunditsidwe nsalu. Makompyuta ena awiri a mu ofesi asakhudzidwe ndi wina aliyense popanda a Pang'onopang'ono, amene avomera kumabwera mwezi ndi mwezi ngati sitiziwathamangitsa. Mwambo wothokoza Azakhali, umene unayenera kuchitika Loweruka, uimitsidwe kaye, poti palibe anavomera kukayankhulapo. Nkhani ya ntchito ya Azakhali ikambidwe pa msonkhano wotsatira.

8. Zina ndi zina

A Wachiwiri anafunsa ngati penti yotsala ingapakidwe kukhonde. Kenako anabweza funsolo okha.

Azakhali anakweza dzanja. Anati amva kuti nkhani yawo idzakambidwa mwezi wamawa, ndipo alibe nazo vuto. Koma anati kwa zaka zonsezi sanajombepo popanda chifukwa, ndipo sakufuna kuyamba panopa. Anafunsa kuti, "Nanga Lolemba ndikabwera, ndikakhale pati?"

A Wapampando anayang'ana a Wachiwiri, a Wachiwiri anayang'ana pansi. Azakhali anadikira. Kenako a Wapampando anati funsolo lilembedwe. Mlembi walilemba. Yankho silinaperekedwe.

Msonkhano wotsatira: Lachinayi, 11 Epulo, m'chipinda chomwechi.
Msonkhano unatha 4 koloko madzulo.

Wapampando: ____________________

Mlembi: ____________________