Za Agogo a Gvozden, Wowadziwa Watsala Mmodzi

Okondedwa asuweni a Miladin,

Muli bwanji ku Chicago? Kuno ku Serbia tilipo, maula apsa koma otchola palibe.

Za agogo anu aamuna a Gvozden ndayesetsa ndithu kufufuza. Nyumba yomwe anabadwira inagwa, ndipo kumanda mayina anafufutika pamiyala. Wowadziwa watsala ndi azakhali a Vukosava okha, koma mutu wawo sukugwiranso. Nditawaonetsa chithunzi munatumiza chija, anachiyang'anitsitsa nkunena kuti, "Radojka mwanawe, si uyu anakwera sitima ya pamadzi osatsanzika? Mkazi wake anamudikira kuno mpaka imvi, ndiye mwana uja..." Kenako anandifunsa kuti ndine yani.

Kaya agogo anu aakazi kumeneko ankadziwa zimenezi. Azakhali akunka nafooka, ndipo ndilibenso wina womufunsa.

Ine wanu,
Radojka