Mpando Wobwereka

Amayi, kaya mukukhala bwanji kumene muliko? Ife kuno ku Nairobi tilipo. Kumudzi alamu achira mwana wamkazi, ndipo chimanga akuti chakwana nkhokwe imodzi, ngakhale mbuzi za oyandikana nawo sizinasiye khalidwe lazo lija.

Mwezi watha anandikweza pantchito ku ofesi yathu ku Upper Hill. Abwana anati atopa, akukapuma kumunda kwawo ku Kiambu, ine ndigwirizire mpando wawo. Anandipatsa ndi galimoto yomwe, maminibasi amene kuno amati matatu ndinatsanzikana nawo. Ndinavina, Amayi, osanama.

Ndiye Loweruka mdzukulu wanu Tadala, amene akuphunzira mbiri yakale ku yunivesite, amandifotokozera za Ababulo uku tikuchapa. Akuti kadamsana akachitika, ansembe openda nyenyezi ankati milungu yalamula kuti mfumu ife. Tsono ankatola munthu wamba, kumuveka zachifumu, kumukhazika pampando, kumupatsa ndi mkazi. Mfumu yeniyeni inkabisala, anthu n'kumaitchula kuti mlimi. Masiku atsoka akatha, wogwirizira uja ankamupha kuti tsoka lipite naye kumanda, mwini wake n'kubwerera pampando. Tadala ankaseka. Ine ndinangoganiza za mpando ndakhalapowu.

Pajatu mbewu imene bungwe lathu linagawira alimi chaka chatha sinamere. Inali yakale, ndipo ndinawauza ndekha abwanawo isanatuluke. Lolemba kukubwera akuluakulu kudzafufuza. Padesiki pali chikalata chonena kuti mbewuyo inali yabwino, chikungodikira siginecha ya amene ali pampando. Amene ali pampando ndine.

Munkati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ine ndinkayesa mukunena za anyamata basi.

Ndikasaina, bodzalo likhala langa, ndipo tsiku lodzaululika adzagwira ine. Ndikakana, abwana ali ndi anzawo a maudindo akuluakulu. Ntchito itha, chilolezo chokhalira m'dziko muno chitha, Tadala asiyira sukulu panjira m'chaka chake chomaliza. Ndili ndi mantha, Amayi, chakudya sichikulowa.

Koma simunandilere kuti ndinamize alimi amene anadzala n'kumadikira pachabe. Sindisaina, ndikukulonjezani, ndipo ndikanena zonse zimene ndikudziwa. Akuluakuluwo sakundiopsa kwenikweni. Chikundilemera ndi Tadala, amene akuwerengera mayeso m'chipinda chinacho, sakudziwa kanthu. Ndikamaliza kalatayi ndikamuuza. Mukanakhalapo mukanandithandiza poyambira.

Ndimakukondani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Esinati