Chipewa chandiika mbali yotsutsana ndi bambo anga

Aphungu,

Ndine mtsikana wa giredi 11 kuno ku Kafue, ndipo pakamwa pangapa pandiputira nkhani. Poona kuti sinditopa kulongolola, aphunzitsi athu a Sakala andiika m'gulu la dibeti loti likapikisane ndi sukulu ina ya ku Lusaka kumapeto kwa mwezi uno. Mutu wake ndi woti kugulitsa makampani a boma kwathandiza dziko lathu. Mbali tinachita kutola timapepala m'chipewa, ndipo dzanja langa latsokali linatola mbali yovomereza.

Aphungu, bambo anga anachoka ku Katete ali mnyamata kudzagwira ntchito pafakitale ina kuno. Chaka chatha, boma litagulitsa fakitaleyo, anawachotsa ntchito pamodzi ndi anzawo ambiri. Lero amapalasa njinga mpaka ku Chanyanya kukapikula nsomba zodzagulitsa pamsika. Nditawauza mutu wa dibetiyo, sanadikire n'komwe kuti ndimalize. Anaomba m'manja nati, "Uzabauza, mwana wanga. Iwe uziba mwamene banatichitila. Nizabwela nikankale kusogolo." Iwo akuganiza kuti ndili mbali yotsutsa. Pano akuuza anzawo onse m'Nangongwe muno kuti mwana wawo akawalankhulira pamaso pa anthu a ku Lusaka.

Ndinakapempha a Sakala kuti andisinthe mbali. Anangoseka n'kunena kuti, "Iwe, mu dibeti sitisankha monga tomato pa maliketi." Chinanso, ine ndine wopemphera, ndimaimba kwaya kutchalitchi. Kodi kuikira kumbuyo zimene mtima wanga ukukana si bodza? Tsiku loyeserera ndinabalalika mpaka ndinafunsa anzanga kuti, "Ameni?" kalasi yonse n'kufa nacho chiseko. Dibeti ndimaikonda, koma ndikuopa kuswa mtima wa bambo anga. Kodi ndingonamizira malungo tsikulo?

W.P., Nangongwe, Kafue

Mwana wanga W.P.,

Wopemphera wanji iwe woopa bodza la dibeti koma la malungo osaliopa? Zodwalazo iwala, upita ndithu.

Dibeti si umboni wa kutchalitchi. Aliyense m'holomo adzakhala akudziwa kuti mbali yako inachokera m'chipewa. Ntchito yako ndi kusonkhanitsa zoona zimene zili mbali imeneyo n'kuziyala bwino. Bodza limayamba ukapeka manambala kapena ukamakana zimene aliyense akuziona ndi maso.

Ukaimirira, lonjera wapampando ndi majaji, kenaka fotokoza zimene mutuwo ukutanthauza kwa inu ovomereza. Kuthandiza n'kutani, ndipo kuthandiza yani? Wofotokoza mutu bwino ali ngati munthu amene wayamba waika malire a munda asanagwire khasu. Mfundo zikhale zochepa, iliyonse ndi umboni wake. Funsa amayi ako za mizere ya sopo ndi mafuta ophikira imene ankaima miyendo mpaka kutupa, makampani adakali m'manja mwa boma. Yang'ana maminibasi a ku Lusaka amene lero amachita kukukoka dzanja kuti ukwere.

Za ochotsedwa ntchito usazizembe, chifukwa otsutsawo abwera nazo basi. Vomera kuti n'zowawa, poti iwe ukuzidziwa kuposa iwo, kenaka nena chimene mbali yanu ikuona kuti chichitike. Iwo akamalankhula, ugwire lilime lakolo, umvetsere, ulembe, ndipo poyankha ulimbane ndi mfundo osati nkhope ya munthu. Wolankhula womaliza wa mbali yanu asabweretse zatsopano, angomanga mtolo wa zimene mwanena kale. Belu likalira khala pansi, ngakhale utamva kuti mzimu wangotsika kumene. Majaji sayankha ameni.

Tsopano za kunyumba, zimene ndi nkhani yeniyeni. Dikira bambo ako abwereko ku Chanyanya, asambe, adye nshima, ndiye ukhale nawo pansi. Uwauze mosapsatira kuti chipewa chinakupatsa mbali inayo, ndi kuti unachita mantha kuwauza poona mmene anakondwera. Kenaka uwapemphe kuti akhale otsutsa ako pakhonde pomwepo. Palibe mwana wa ku Lusaka amene angakupanikize ngati munthu amene anaona geti la fakitale likutsekedwa. Mwina ayamba akwiya, ndipo uwasiye akwiye. Koma abambo amene ndikuwadziwa ine sakana mwayi wogonjetsa mwana wawo pamtsutso. Ukapirira mafunso awo, za m'holomo zidzakupepukira, ndipo iwo adzakhala kutsogolo kuja akudziwa kuti mfundo zakozo anazinola ndi iwo.

Ndikuchenjeze apa. Usadzatchule dzina lawo kapena njinga yawo ya nsomba pofuna kukometsa mfundo, pokhapokha atakulola okha. Ndipo usazengereze kuwauza. Chikho ukachiphonya chaka chino chidzabweranso chaka chamawa. Koma bambo akowo anamvapo kale nkhani yowawa tsiku lowachotsa ntchito lija, ali pakati pa gulu, popanda wowachenjeza. Asadzaimvenso choncho kuchokera kwa mwana wawo.

Aphungu