Mdzukulu wanu wasiya kugwada

Amayi anga, kodi mukudzuka bwanji kumeneko kumene munatsogola?

Ife kuno kwa azungu ku Dudley tilipo, kuzizira kokhaku. Ku Dedza alamu anga aja Nabanda achira, mwana wamwamuna. Chimanga akuti chachita bwino, ngakhale achimwene akamati "bwino" ine ndimayamba ndafunsa kwa ena. Maungu amene ndinabzala kuseri kwa nyumba nkhono zamaliza.

Koma chimene chandilembetsa ndi mdzukulu wanu Tadala. Munamuphunzitsa nokha kugwada popereka chinthu kwa wamkulu. Paja munkati, "Mwana wanga sapereka madzi ali chilili." Ndiye tsiku lina anagwada popereka homuweki kwa aphunzitsi. Anzake anaseka mpaka misozi. Aphunzitsiwo anandiitana, mawu okoma ngati uchi, nkumafunsa ngati kunyumba zonse zili bwino, ngati mwanayu amaopa wina wake. Ndinawamwetulira, koma kope limene ankalembamo lija sindinalikhulupirire.

Tsopano akuphunzira za Agiriki akalekale. Akuti mfumu yawo inagonjetsa mayiko mpaka kummawa kutali, itamwalira chilankhulo chawo ndi zovala zawo zinatsala, zikufalikira. Tadala anandiwerengera mokondwa: "Mum, palibe anawakakamiza. Anthu ankafuna okha kukhala ngati Agiriki, kuti apeze majobu abwino." Ofuna okha! Amayi, ine ndikukayika. Analemba zimenezo ndani, si Agirikiwo? Kodi anafunsa amayi a anawo? Ndikuganiza kuti panalinso kamtsikana kena kamene kanasekedwa kamodzi kokha, basi nkusiya za kwawo. Ndinamuuza choncho, iye akuti zimenezo sizibwera pa mayeso.

Sabata yatha kutchalitchi ku Oldbury Tadala anapatsa abusa madzi ataimirira, ndi dzanja limodzi. Ndinamva manyazi, Amayi, kenako mkwiyo, koma sindinadziwe woti ndimukwiyire.

Dzulo nditaweruka ku shifiti anandipangira tiyi. Anagwada bwinobwino, mmene munkafunira muja. Koma anayamba watseka makatani.

Sindimukalipira. Lamlungu likubwerali, amayi a Phiri okalamba aja akamatsika basi, ine ndikawagwadira pamsewu pomwepo, azungu akuona, Tadala akuona. Mawondo anga atha ndi ntchito ya kuchipatala, koma ndikulonjeza kuti ndikafika pansi.

Ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati