Jekete Lotuwa la a Mateyu

Mitundu,
9 Juni 1996.

Okondedwa alamu anga a Fanuel,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu kumeneko ku Kabwe, inu, mayi akunyumba ndi ana. Mwendo umene unakulepheretsani kubwera kumaliro uja uli bwanji? Ife kuno tikudzuka, kungoti nyumba yandikulira.

Abale anu a Mateyu tinawaika bwino kumudzi ku Nathenje. Zovala zawo zili m'sutikesi, pakuti akuluakulu anati pasagawidwe kanthu mpaka inu mwini mbumba mutafika. Alamu, m'sutikesimo mukusowa chinthu chimodzi, ndipo anachotsa ndine.

Mukudziwa kuti a Mateyu anali wapampando wa komiti ya msika kuno, ndipo nthawi yawo imatha mwezi uno. Ofuna mpandowo ndi awiri: Efulemu wogulitsa nsalu, amene anali mlembi wawo, ndi Yona wogulitsa nyama. Onsewa ankabwera kudzapempha kuti a Mateyu angotchula dzina limodzi pagulu. Iwo ankangoimirira, manja ali kumbuyo, monga mwa chizolowezi chawo chija. Ankati takhala zaka makumi atatu tikulozeredwa munthu womuombera m'manja, ndiye wochoka pampando asunge chala chake.

Ine ndinkatsutsana nawo. Ndinkati wayenda njira ndiye adziwa pali dzenje, ndipo wodziwa akakhala chete anthu amatsatira wogula mowa. Ankaseka, n'kunena kuti aphunzitsife sitikhulupirira kuti mwana angapeze yankho payekha.

Patapita masiku atatu chiikireni maliro, Efulemu anabwera kudzandiona m'mawa kukuzizira, atavala kamalaya kopyapyala. Ndinamupatsa jekete lotuwa lija, limene a Mateyu ankavala potsegula misonkhano. Ndakhala ndikudziuza kuti chinali chisoni chabe. Si zoona. Ndinadziwa kuti anthu aona.

Anaonadi. Msika wonse unamva kuti malemu anasankha Efulemu ali pabedi kuchipatala ku Nkhoma. Yona anandipeza pamjigo n'kundifunsa moseka ngati nsapato zatsalako, kuti naye apondeko mwayi.

Dzulo ndiye kunali chisankho, dzuwa lili paliwombo. Aliyense amaima pamzere kumbuyo kwa munthu amene wamufuna. Ine ndinkaonerera pakhonde la golosale. Anawerenga katatu, ndipo katatu konse mizere inafanana.

Pakati pa mizere iwiriyo panaima munthu mmodzi, manja ali kumbuyo, atavala malaya oyera aja tinawaveka a Mateyu m'bokosi. Owerenga ankamulambalala ngati mmene munthu amalambalalira chitsa, koma palibe anamufunsa kuti ali mbali iti. Sanayang'ane Efulemu, sanayang'ane Yona. Anayang'ana ine. Sanakwiye ayi. Anandiyang'ana monga ankachitira ndikawawerengera buku n'kudumpha tsamba dala.

Efulemu wabwera lero titatuluka m'tchalitchi. Sanaone munthu aliyense pakati pa mizere, akutero, koma akuti jeketelo likumulemera. Akafuna kukweza dzanja kuti apatse anthu moni, amangozindikira manja apita okha kumbuyo. Ndinamupempha kuti alivule. Anati akalivula lero, mawa msika unena kuti malemu abweza mawu, ndipo iye sadzadutsanso pakati pa anthu.

Chisankho achibwereza pa 22. Ine sindingalande chimene ndinapereka ndi manja anga. Inu mungathe, chifukwa jeketelo silinali langa. Mukalitenga monga mwini wogawa zovala, Efulemu sachita manyazi. Ndipo mukaima pambali panga, ndidzauza msika kuti a Mateyu sanatchule munthu, wotchula ndinali ine. Akasankha Yona, asankhe. Akasankha Efulemu, amusankhe atavala zake.

Ndikudziwa mwendo ukuvuta ndipo ulendo ndi wautali. Koma bwerani, alamu. Kuno chisanu chayamba, ndipo abale anu aima panja ndi malaya okha.

Mundiperekere moni kwa mayi akunyumba, kwa Chipulumutso ndi ang'ono ake onse. Ambuye akusungeni, akuyendetseni bwino panjira.

Ndine mlamu wanu,
Sophie Nachisale