Pakamwa pa Bambo

Maputo

Wokondedwa mlongo wanga Gilberto,

Muli bwanji ku Furancungo? Mwendo wa amayi uja waphwa? Ine kuno thupi lili bwino, mtima ndiye ayi.

Ndiyambe ndi kunena kuti mlanduwu unauyamba ndiwe. Unati popeza ndimagwira ntchito ya zithunzi, ndikonze chithunzi cha malemu bambo choika pachiliza. Gilberto, zithunzi zanga ndi za mizu ya nyemba. Timadula muzu mopyapyala n'kuujambula pa mikrosikopiyo, makina okuza tinthu ting'onoting'ono, ndipo chithunzi chilichonse chimawala pamalo pomwe jene imodzi, kanthu kosunga chibadwa cha mbewu, ikugwira ntchito. Kenako komputadori imazisanjikiza, kukoka apa, kupinda apo, mpaka zonse zigwirizane ndi chimodzi chomwe tasankha kukhala chikombole. Sukulu yonse ija, kwa iwe ndine wojambula wa pamsika basi.

Unatumiza zithunzi ziwiri za bambo. Cha pakhadi la othawa nkhondo ku Malawi chiswe chinachidya kuyambira pamphuno kutsika. Cha paukwati, nkhope ya bambo ndi kanjere chabe. Ndinazisanjikiza, koma makina anasowa pogwira. Ndiye ndinatenga chithunzi cha bambo aang'ono, a Sebastião, n'kuchiyesa chikombole. Ndinati ndi a mimba imodzi, ndipo ndi mizu timatero tsiku lililonse.

Inde, a Sebastião omwewo, amene bambo anamwalira asakulankhulana nawo chifukwa cha dimba la ku Ntengo-Wambalame.

Pachithunzi chomwe chinatuluka, chipumi ndi maso ndi za bambo. Kuyambira pamphuno kutsika ndi a Sebastião.

Nditakutumizira chithunzicho, ndinkafuna ndikuuze zoona. Koma unandiimbira usanandipatse mpata, n'kunena kuti amayi atachiona anakhala pansi pakhonde, akuchisisita, akuti anali atayamba kuiwala mmene bambo ankamwetulira, tsopano akumbuka. Ndinangoti ndasangalala. Bambo sankamwetulira choncho, Gilberto. Ndaika m'mutu mwa amayi kumwetulira kwa munthu wina, ndipo ndikuopa kuti kwenikweni kuja, kochepa komwe kunatsala, ndakufufuta.

Chonde pita kwa a Cipriano omanga chiliza, uwaletse kuika chithunzicho pamwala. Akafunsa uwauze kuti mlongo wako wophunzira uja wasokoneza, sadabwa. Amayi usawauze kanthu. Ndikubwera ndekha, ndipo ndidzawauza ndi pakamwa panga.

Ndasindikiza cha pakhadi chija mmene chiswe chinachisiyira, maso ndi chipumi basi. Ndidzawaikira zonse ziwiri pamiyendo. Akasankha chodyedwacho, tiika chomwecho. Akasankha changa chabodzachi atadziwa zoona, ndi amuna awo, ine ndidzatseka pakamwa, a Sebastião azimwetulira pamanda a mkulu wawo mpaka Yesu adzabwere.

Mulungu akusungeni nonse. Undiperekere moni kwa alamu anga a Fernanda ndi ana. Kwa a Sebastião usapereke, mwezi uno ndawayang'ana mokwanira.

Ndine mlongo wako,
Telma